Sipika Imene Ndinaimangirira Pansi pa Kampasi

Nkopola,
Mangochi.
11 Febuluwale 2024

Okondedwa achemwali anga a Esitere,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kodi mwendo wa amayi uja wasiya kutupa? Nanga chimanga chamasula? Ndamva kuti msewu wa ku Katuli waipanso ndi mvula, ndiye kalatayi ndapatsira a Sumani a njinga yamoto, poti iwo sabwerera panjira. Ife kuno tili moyo. Mlamu wanu Ruth wapezako mphamvu chibadwire mwana, ndipo khandalo likuyamwa bwino.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ndili nayo. Mukudziwa mmene ndimakuvutitsirani kuti mubwereze mawu tikamayankhulana, n'kumanamizira netiweki ya kwanuko. Netiweki ilibe mlandu, achemwali. Makutu anga akufa.

Khutu lakumanja, lija linkatuluka mafinya tili ana ku Malindi, lidatsekeratu chaka chatha. Lakumanzere limamvabe mawu akuluakulu, koma tinthu tolira mopyapyala, monga mluzu kapena foni, silitigwira. Zaka khumi ndi zinayi ndaima pafupi ndi injini ya boti, ndiye sindikudabwa. Ndinaphunzira kuyang'ana pakamwa pa munthu akamayankhula ndi kuseka anzanga akaseka. Sindinauze wina aliyense, ngakhale Ruth, chifukwa ndinkadziwa kuti palibe loji ingasunge munthu wogontha pa chiwongolero cha boti la alendo.

Mwezi wa Novembala loji yathu inagula boti latsopano lokwera anthu khumi ndi awiri, ndipo analipereka kwa ine. Pafupi ndi chiwongolero pali sikirini ngati TV yaing'ono. Imaonetsa mapu a nyanja, pamene boti lili, ndi kuya kwa madzi pansi pake. Madzi akachepa, kapena pansi pakatulukira miyala, m'kati mwake mumalira kabelu kochenjeza. Amene anabweretsa botilo anakaliza kabeluko tonse tili pa jeti, pokocheza maboti. Anzanga anagwedeza mitu, inenso ndinagwedeza wanga. Sindinamve kanthu. Amanijala athu, a Mathews, ananena kuti kuyambira tsiku limenelo woyendetsa wogunda mwala sadzakhala ndi chowiringula.

Mungafunse kuti bwanji osangoyang'ana sikiriniyo. Panyanja maso sakhala pamodzi. Pali mafunde, pali maukonde a anthu, pali mabwato a asodzi amene amangotulukira kutsogolo kwako, komanso mwana wa mlendo amene akufuna kugwira madzi ndi dzanja. Kabeluko anakaikira nthawi imene maso ali kwina. Miyezi iwiri ndinayenda mtima uli m'mwamba.

Titabwerako ku Khirisimasi ndinatenga buku la sikiriniyo n'kumayang'ana zithunzi zake. Ndinaona kuti kumbuyo kwake kuli polowetsa waya wotengera mawu kunja. Ndinapita kumsika ku Mangochi n'kugula sipika yakale yochotsedwa mu minibasi, pamodzi ndi kabokosi kokweza mawu kamene amati ampulifaya. Lamulungu lina masana, anzanga atapita kukadya, ndinamasula thabwa la pansi pa chiwongolero. Ndinasenda waya wopatsa sikirini moto ndi mpeni wa nsomba, ndinapotererapo mawaya a kabokosiko, ndi kukulunga ndi tepi. Sipikayo ndinaimangirira kumanzere, mbali ya khutu langa lamoyo, pobisika pansi penipeni pa kampasi, kachipangizo kaja kamene singano yake imaloza kumpoto.

Ndinakankhira boti pamadzi osaya pafupi ndi bango. Sipika inalira mokalipa ngati mbuzi yomangidwa, ndipo ndinaimva. Ndinabwereza katatu kuti ndingoimvanso.

Mnzanga amene timayenda naye m'botimo ndi Che Swadick, bambo wachikulire wa kwa Mponda, amene amagwira chingwe ndi nangula ndi kusamala alendo. M'mawa mwake anaimva sipikayo ikulira. Anayang'ana pansi pa thabwa, anandiyang'ana ine, kenaka anapitiriza kupinda chingwe chawo. Sanafunse.

Milungu itatu zinayenda bwino, mpaka Loweruka la pa 27 Januwale. Tinanyamula banja la ku Lilongwe, anthu asanu ndi atatu, atatu mwa iwo ana. Ankafuna kuona mbalame za pachilumba cha Boadzulu, ndipo titazungulira chilumbacho anapempha kuti tipitirireko pang'ono chakumpoto akasambe. Cha m'ma 2 koloko ndinaona mtambo wakuda ukutsika kuchokera kumapiri a kwathu kutsidyako. Ndinawakweza msanga, Che Swadick anawamanga majekete oyandamitsa, tinayamba kubwerera.

Mvulayo inatipeza tisanafike pachilumba. Inabwera ndi mphepo, mafunde n'kumalumphira m'kati, madzi n'kumayenderera pa thabwa lija ndinamasula. Mapiri onse anasowa. Kumtunda sikunkaoneka, chilumba sichinkaoneka, kutsogolo kunali kotuwa kokhakokha. Sikirini inaphethira kawiri n'kuzima. Ndinamva fungo la pulasitiki wopsa.

Sindinachite mantha kwambiri poyamba, chifukwa njira imeneyo ndaiyenda ndi kampasi yokha zaka zambiri sikirini isanabwere. Nambala ya njirayo pa kampasi ndimaidziwa pamtima. Ukaigwira bwino, Boadzulu umamusiya patali kudzanja lamanzere n'kukatulukira pa phiri la Nkopola. Ndinaika singano pa nambala imeneyo, ndinachepetsa liwiro, maso anga onse pa kampasi ndi pa mafunde obwera cham'mbali. Sindinadziwe kuti kampasiyo inali itasiya kunena zoona chiikireni sipika ija. Milungu itatu yonseyo ndinkatsata mzere wa pa sikirini, ndiye sindinaiyang'anepo.

Mwadzidzidzi chinthu chinandimenya pachifuwa. Chinali chigubu chodulidwa chimene timakapira madzi. Nditadzutsa mutu ndinaona Che Swadick ataimirira kutsogolo kwa boti, dzanja limodzi lagwira chitsulo, linalo likuloza kumanja mwamphamvu, kukamwa kuli yasa. Alendo onse anali atatembenukira kwa ine, nawonso pakamwa pakuyenda. Kumbuyo kwa Che Swadick kunali miyala ya Boadzulu, yoyera ndi zitosi za mbalame, mafunde akusweka pamenepo. Mtunda wake unali ngati kuchokera pakhitchini panu kukafika pa mtengo wa mango uja.

Ndinakhotetsa chiwongolero mpaka chinakana. Boti linapendekeka, ndipo ndinamva kuphazi kuti pansi pakhula mwala. Injini inadumpha, pulopela inamenya. Kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi kanagwa n'kumenyetsa kamwa pampando. Titatuluka pamiyalapo ndinakaona kali m'manja mwa mayi ake, magazi osakanikirana ndi mvula akutsikira pa jekete, dzino lakutsogolo palibe. Bambo ake anangondiyang'ana.

Ndinazembetsa boti kuseri kwa chilumba kumene mphepo siinkafika. Che Swadick anaponya nangula, anadutsa pakati pa alendo, anabwera kudzaika pakamwa pawo pa khutu langa lamanzere.

"Ndakuitanani kasanu ndi kawiri, achimwene. Mpaka ana awa amakuwa dzina lanu."

Sanalakwitse khutu. Ndinadziwa kuti akhala akudziwa.

Mvula itakata, mapiri anaonekanso. Phiri la Nkopola linali kwina, kampasi ikundiuza kwina. Sindinamvetse chifukwa chake. Tinabwerera pang'onopang'ono, boti likunjenjemera chifukwa cha pulopela yopindika. Mwanayo anathamangira naye kuchipatala, ndipo banjalo linanyamuka tsiku lomwelo, ngakhale linayenera kugona masiku awiri ena.

A Mathews atafunsa, ndinati mvula inazimitsa sikirini ndipo sitinkaona kutsogolo. Linali bodza lovala malaya a choona. Che Swadick anati iwo alibe choonjezera. Ndinaganiza zobwerera kukachotsa mawaya anga anthu akabalalika, koma amanijala analamula kuti boti likokeredwe mu shedi, anakhoma okha, makiyi n'kuika m'thumba. Lamulungu ku Misa sindinapite kutsogolo kukalandira Mgonero. Ruth anandifunsa, ndinati m'mimba.

Lolemba m'mawa kunabwera mayi wina wa kuboma dzina lake a Lusiya, amene amaika masola m'nyumba ndi kukonza zamagetsi m'maboti. Ndi wa msinkhu wanu, wosachulutsa mawu, chitenje anamanga pamwamba pa ovolosi. Tonse tinaitanidwa ku shedi. Anamasula thabwa lija, analowetsa dzanja, n'kutulutsa mfundo yanga ya mawaya, tepi itasungunuka. Anati madzi analowa pamfundopo, mawaya anakhudzana, fyuzi inapsa. Anaonjeza kuti tithokoze fyuziyo, chifukwa ikanapanda kupsa moto ukanayaka, ndipo thanki ya petulo ili pafupi pomwepo.

Kenaka anamasula sipika ija n'kuuza a Mathews kuti ayang'ane kampasi. Pamene ankaichotsa pang'onopang'ono, singano inayamba kuyenda yokha, boti lili chiimire pansi. Ataibwezera, singano inabwereranso. Anachita zimenezo kawiri. Anati m'sipika iliyonse muli maginito, ndipo kampasi ikakhala pafupi ndi maginito imasiya kumpoto n'kumatsata iyo.

A Mathews anatembenukira kwa Che Swadick. Paloji pano aliyense amadziwa kuti bambowa sasiyana ndi wailesi, amakonda mpira, ndipo ndiwo amakonzera anzawo mawailesi akafa. Ine zaka zonsezi palibe anandionapo nditagwira waya. Amanijala anayankhula mofulumira atandifulatira, ndiye mawu ambiri sindinawagwire. Ndinangomva "nyimbo" ndi "ana a eni". Kenaka analoza malaya a yunifolomu amene Che Swadick anavala, n'kuloza kugeti.

Che Swadick ali ndi ana asanu ndi mmodzi, awiri ali ku sekondale. Sanadziteteze. Sanandiyang'ane n'komwe. Anangoyamba kumasula mabatani. Ndinaona loyamba likumasuka, lachiwiri, lachitatu. Achemwali, ndikuuzeni zoona, loyamba ndi lachiwiri ndinali chete, ndikuganiza za Ruth ndi khanda la milungu inayi. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa lachitatu ndinayankhula.

"Bwana, asiyeni. Ndinaika ndine. Si ya nyimbo. Kabelu ka sikirini sindikamva."

Mwina ndinakuwa, chifukwa onse anadzidzimuka. Ndinafotokoza zonse, za khutu lakumanja, za kumsika, za mpeni wa nsomba, za kuitanidwa kasanu ndi kawiri. A Mathews anandiuza kuti nditembenuke ndiyang'ane kunyanja. Ndinatembenuka. Ndinaima ndikuona mabwato awiri akubwera ndi usipa, ndikudikira kuti ayankhule. Ndinadikira mpaka dzanja linandigwira paphewa. Pambuyo pake a Lusiya anandiuza kuti amanijala anandiitana katatu, ndipo kachitatuko ophika anatuluka m'khitchini kudzaona.

A Mathews anakwiya kwambiri, koma anaima patsogolo panga kuti ndione pakamwa. Anati kudwala si mlandu, mlandu ndi kukweza ana a anthu m'boti uku ukudziwa kuti sungamve munthu akakuwa. Anandifunsa kuti boti likanang'ambika pamiyala paja ndikanapulumutsa angati. Anati chigamulo ndidzachimva Lachisanu.

A Lusiya ndiwo anayankhula tisanabalalike. Sanandiikire kumbuyo. Anati mawaya aja anamanga munthu wosadziwa kanthu, koma maganizo ake sanali olakwika. Anafunsa Che Swadick ngati kabeluko ankakamva ali kutsogolo kwa boti injini ikulira, sipika isanaikidwe. Iwo anati ayi. Anafunsanso a Iddi, oyendetsa boti lathu lina, amene anayendetsapo latsopanoli ine ndili kwanuko. Nawonso anavomera kuti mphepo ikakhalapo sikamveka. Mayiwo anauza amanijala kuti botilo likufunika masipika akunja ndithu, kaya woyendetsa akhale ndani, koma oikidwa mwa dongosolo.

Masiku anayi amenewo sindinadye bwino. Ruth ndinamuuza Lolemba lomwelo. Anakhala masiku awiri osandiyankhula, kenaka anati chimene chamupweteka si makutu, koma kuti ophika a paloji adziwa iye asanadziwe.

Lachisanu ndinalandira kalata yochenjeza. Ntchito sanandichotse, koma pa chiwongolero andichotsa. Tsopano ndimatsuka maboti, kusamala mainjini ndi kumanga zingwe pa jeti. A Mathews ati ndibweretse kalata ya dokotala wa makutu. Ngati kachipangizo kovala m'khutu kangandithandize, ndipo oyang'anira za maboti akavomereza, adzaganizanso. Ngati ayi, ati tidzaona. Sanalonjeze kanthu.

Madzulo a tsiku limenelo, Che Swadick atabwerako ku mzikiti, ndinapita kwawo kukapepesa. Ndinawafunsa chifukwa chimene sananditchule. Anati ulemala wa munthu umanenedwa ndi mwini wake. Ndinati nanga ndikanakhala chete? Anaseka pang'ono n'kunena kuti ankadziwa kuti ndiyankhula, chimene sankadziwa ndi batani lake. Koma anandiuzanso mosaseka kuti iwonso ali ndi mlandu, chifukwa anaona n'kukhala chete, ndipo dzino la mwana uja likuwasowetsa mtendere. Tamva kuti linali dzino la mkaka, limeranso. Mlomo anamusoka.

Sabata yathayi a Lusiya anabweranso ndi katundu, ndipo anapempha kuti wowagwirira mawaya ndikhale ine. Aika masipika awiri oyera osalowa madzi, ina kudenga la boti, ina chakumbuyo. Asanaboole paliponse ankayeza ndi tepi kuti pakhale mita yathunthu ndi kupitirira kuchokera pa kampasi, kenaka n'kuigwirizira sipikayo pamalopo ine ndikuyang'ana ngati singano yasuntha. Ampulifaya aipatsa waya wakewake wochokera kubatire, ndi fyuzi yakeyake, kuti ikafa isafe ndi sikirini. Polumikiza paliponse amata ndi chitsulo chotentha n'kuvekapo kapaipi kamene kamafinyika kakamva moto. Mfundo yomaliza anandipatsa ine, ndipo anandibweza katatu asanavomere. Aikanso getsi lofiira patsogolo pa woyendetsa, loti liziphethira kabelu kakalira. Limeneli amanijala sanalitchule. A Lusiya anangoliika okha.

Tinayesa Lachinayi. Pa chiwongolero panali a Iddi, ine ndinakhala pampando wa alendo. Titayandikira bango masipika analira onse awiri, getsi likuphethira, singano ya kampasi ili phee. Ndinamva bwinobwino, injini ikulira. Onse anawomba m'manja, inenso ndinawomba. Pobwerera a Iddi anafika pa jeti mothamanga kwambiri, ndipo ndinadzipeza ndikupondereza phazi pansi ngati ndingathe kulichepetsa liwiro ndili pampandopo.

Tsopano pempho langa. Lachiwiri lapitali ndinapita kuchipatala cha kuboma. Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, anthu obwera m'mbuyo mwanga akulowa n'kumatuluka. Namwino atandipeza ndili ndekha anati dzina langa analiitana kawiri. Anditumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre kumene amayeza makutu ndi makina, ndipo tsiku lake ndi Lachiwiri pa 20 mwezi uno. Ruth sangayende ndi khanda. Ndikupempha inu mundiperekeze. Ndikuopa kukakhalanso pabenchi, komanso ndikuopa kuti dokotala akanena mawu ofunika ine n'kungogwedeza mutu monga ndazolowerera. Ndikufuna pakhale munthu wondimvera.

Ndikudziwa kuti ino ndi nthawi ya kumunda, ndipo alamu ndawalembera kapepala kawo kopempha chilolezo, kali m'envulopu momwemu. Mukavomera, tikumane Lolemba pa 19 pa depoti ya minibasi ku Mangochi cha m'ma 8 koloko. Mutenge buku langa lakale la kuchipatala, lili mu sutikesi ya amayi pamodzi ndi makadi a ubatizo. Yankho mungotumiza uthenga wolemba pafoni, kapena muuze a Sumani.

Mupereke moni kwa alamu anga, kwa ana onse, kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa anzathu a kutchalitchi. Ruth akupereka moni, akuti ufa uja unafika.

Kwa amayi, kalatayi musawawerengere yonse. Za miyala ya Boadzulu zisiyeni, zingawakweze magazi. Koma pali chimodzi chimene ndikufuna muwauze lero lomwe. Ruth wandiuza sabata ino kuti tsiku limene tinkanyamuka kwanuko itatha Khirisimasi, amayi anatuluka pakhomo ndi ndodo yawo atanyamula kathumba ka mtedza, ndipo anandiitana mpaka ndinakwera njinga yamoto osacheuka. Akuti anaima pakhomopo kathumbako kali m'manja. Ruth ankaganiza kuti ine ndi amayi tinayambana, ndiye anaopa kufunsa. Amayi akhala mwezi ndi theka akuganiza kuti mwana wawo anawanyoza. Muwagwire dzanja, muwauze kuti sindinamve.

Ambuye akusungeni nonse kufikira tionane pa depoti.

Ndine mlongo wanu,
Gerald